ZA MSONKHO WA NYUMBA NDI ANTHU OLANDA KATUNDU

Abale ndi Alongo a m'Bungwe,

Tikulemberani tisanakomane pa msonkhano ukudzawu, kuti pasakhale wina wonena kuti sindinamve. Mlandu wace ndi wa msonkho wa nyumba umene kuno ku England auchula council tax, ndi wa anthu otumidwa kudzalanda katundu, amene eni dziko awati ma-bailiff, ndipo kwathu tiwadziwa ndi dzina la masherifu.

Msonkho sitiukana ai. Zinyalala zicotsedwa, nyali za m'miseu ziyaka, okalamba asamalidwa, ndipo ambiri a ife ndife amene tiwasamalira usana ndi usiku. Cimene titsutsa ndi njira imene ngongole yaing'ono ya munthu wosauka ikuzidwa nayo kufikira imposa msinkhu.

Taonani mayendedwe ace. Malamulo a caka ca 1992 anapatsa khonsolo mphamvu yakuti, munthu akaphonya mwezi umodzi, imtumizire kalata yomkumbutsa ya masiku 7, ndipo akalepheranso, iitanitse msonkho wa caka conse nthawi imodzi. Ha, nzeru yace! Iye amene anasowa za mwezi umodzi auzidwa kuti adze nazo za miyezi yonse yotsala. Pamenepo dzina lace lipita ku bwalo la majisitireti, ndarama za bwalo ziwonjezedwa, ndipo ngongole iperekedwa kwa ma-bailiff. Ambiri a iwowa sali anchito a khonsolo, koma a makampani a malonda, amene phindu lao licokera m'thumba la wangongole yemweyo.

Malamulo a 2014 anaika malipiro ao motere: £75 pakulandira mlandu ndi kutumiza kalata, £235 pakufika pa khomo, ndi £110 pakunyamula katundu kukagulitsa. Zonse pamodzi zinali £420. Cotero ngongole ya £300 inali kusanduka £720, osawerengako za bwalo zija. Ndipo wangongole akayamba kupereka pang'ono pang'ono, malipiro oyamba aja a kalata atengedwa ndi kampani, zotsala azigawana ndi khonsolo. Mu 2025 Boma linalengeza kuti malipiro amenewa akwezedwe. Tifunsa: kodi cilango cotere anaciweruza ndani? Mbala isanalipitsidwe faindi iyamba yaimirira pamaso pa woweruza ndi kudzinenera; koma mai amene anadwala milungu itatu osalandira malipiro alipitsidwa ndarama cifukwa munthu wagogoda pa citseko cace.

Kwa ife cinthuci cipweteka kawiri. Ambiri a ife tinadza ndi ziphaso za nchito zimene zitiletsa kulandira cithandizo ca Boma, ndipo kucepetsedwa kwa msonkho kumene makhonsolo acitira osauka kuli m'gulu la zoletsedwazo. Tilipira monga onse, koma tsiku la tsoka khomo limene mnansi wathu alowera ife atitsekera.

Makolo athu anaudziwa msonkho wa nyumba. Unayamba m'Nyasaland m'masiku a Harry Johnston, m'zaka za m'ma 1890, ndipo otumidwa a Boma anali kutentha nyumba za olephera ndi kugwira akazi ao cikole kufikira mwamuna atapeza masiringi. Anthu ophunzira a nthawi ija sanakhale cete. Mu 1912 anayambitsa North Nyasa Native Association, Levi Mumba ali mlembi, kuti madandaulo a anthu afike ku Boma olembedwa. Sitinena kuti England wa lero ali ngati Nyasaland wa kale. Kuno bailiff ali ndi malire amene sayenera kulumpha, ndipo tiri ndi cisoni kuti abale athu alipira kwambiri cifukwa ca kusadziwa malirewo.

Pa ngongole ya msonkho uwu, bailiff wofika koyamba alibe mphamvu ya kuthyola citseko. Alowa pokhapo mutamtsegulira kapena mutasiya posakhoma. Lankhulani naye pa zenera, ndipo aonetse cikalata cace. Salowa m'nyumba mukakhala mwana yekha wosafika zaka 16, kapena pakati pa 9 koloko usiku ndi 6 koloko mamawa. Satenga kama, zobvala, mbaula yophikira kapena firiji, ngakhale zipangizo za nchito yanu kufikira mtengo wa £1,350, ngakhale katundu wa mwini wina. Galimoto yanu yoima pabwalo akhoza kuimanga. Mukamlowetsa ndi kusaina mndandanda wa katundu, ndiye mukaswa pangano, akhoza kubwera ndi kulowa mwa mphamvu. Iye sali wa polisi, sali wa Home Office. Sangakumangeni kapena kukubwezerani kwanu, ngakhale atalankhula mwaukali cotani. Kundende atumiza majisitireti okha, masiku osaposa 90, ndipo atumiza iye amene apezeka kuti anakana dala kapena ananyalanyaza, si iye amene alibe. Ku Wales cilango cimeneci anacithetsa mu 2019, ndipo sitiona cifukwa cakuti England acisunge.

Tsono tiri ndi mau pa ife tokha. Pali mwambo woipa pakati pathu wobisa makalata a khonsolo pansi pa mphasa, kuopa kuti anzathu a ku calici adzamva. Munthu atumiza ndarama kumudzi mwezi ndi mwezi kuti asaoneke wolephera, kalata iri cigonere yosatsegula. Manyazi amenewo mtengo wace ndi malipiro a bailiff wofika pa khomo. Akuru anati wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Koma citseko cotsegula ndi ca Citizens Advice, StepChange kapena National Debtline, amene alangiza kwaulere, ndipo kuyambira 2021 akhoza kukupempherani masiku 60 a kupuma, pamene ma-bailiff aimitsidwa. Wamkuru wokhala yekha m'nyumba acotseredwa 25 pa 100, ndipo ici sicili m'gulu la zoletsedwa zija.

Pa msonkhano tidzapempha Bungwe libvomere zinthu ziwiri. Coyamba, kuti tilembere makhansala ndi aphungu a madera athu, kuti khonsolo isapereke dzina la munthu kwa ma-bailiff isanalankhule naye, ndi kuti ibweze mlandu m'manja mwace pamene wangongole wapereka pangano la kulipira. Caciwiri, kuti tisankhe anthu atatu osunga cinsinsi, owerenga makalata otere pamodzi ndi eni ace ndi kuwaperekeza kwa alangizi. Amene ali ndi kalata adze nayo m'envulopu yace, ngakhale sanaitsegule.

Ndife anu m'nchito ya Bungwe,
A Komiti.