Mwana akabadwa matumbo ali panja, musayambe mlandu

Amayi anzanga, tsiku lina mtsikana wa zaka 17 anachira mwana wamwamuna matumbo ali panja pa mimba. Tisanamalize n'komwe kumufunditsa mwanayo, pakhonde apongozi anali atayamba kale: "Aulule, anayenda ndi ndani?" Ena ankati walodzedwa. Lero ndikufotokozereni zimene timaphunzitsa anamwino athu za mmene mimba ya mwana imapangikira, kuti mukadzamva mlandu wotere mumphakati mwanu mudzauletse.

Pa sabata ya 4 chikhalireni pathupi, mwana amakhala wamng'ono ngati njere ya mpunga. Poyamba amakhala ngati kansalu koyala. Kenaka amadzipinda, mbali ziwiri n'kukumana kutsogolo monga timamangira chitenje, ndipo m'kati mumatsala kapaipi kamodzi. Kapaipi kameneka ndiko kamasanduka m'mero, chifu ndi matumbo, pomwe chiwindi chimaphuka pa iko ngati nthambi.

Pa sabata ya 6 pamachitika chinthu chimene ophunzira anga sakhulupirira ndikachinena koyamba. Matumbo amakula msanga, chiwindi n'kukhala chitadya malo, ndiye amatuluka m'mimba kukakhala m'chingwe cha mchombo. Zimatero kwa mwana aliyense. Inu, ine, ngakhale bambo mfumu, tonse tinakhalapo matumbo ali panja! Cha m'ma sabata 10 amabwerera, akuzungulira kuti chilichonse chikhale pamalo pake, khoma la mimba n'kutsekeka. Akapanda kubwerera, mwana amabadwa ndi thumba pamchombo, matumbo akuonekera m'kati. Kwa ena khomalo limatsala ndi bowo pambali pa mchombo, kawirikawiri kumanja, matumbo n'kutulukira pamenepo opanda chokuta. Vuto lachiwirili limaoneka kwambiri kwa atsikana obereka asanakwanitse zaka 20.

Taonani masabata amenewa. Nthawi imeneyi mayi amakhala akungokayika ngati waimadi. Chigololo sichiboola mimba ya mwana, ngakhalenso mkangano wa pachitsime kapena dzira limene anadya mimba itakula. Zimene ife azamba timaopa pa masabata oyambirirawa ndi fodya, mowa, matenda a shuga osasamalidwa, ndi mankhwala ongomwa popanda uphungu wa kuchipatala. N'chifukwa chake chizolowezi chathu chobisa pathupi mpaka miyezi isanu chimandidandaulitsa. Ndikudziwa, timaopa maso a anthu. Koma kuuza namwino sikulengeza kumudzi. Mwana wanu kapena mpongozi wanu ayambe sikelo miyezi itatu isanathe, ndipo akaunikidwe pa makina a sikani. Vuto la pamchombo likaoneka msanga, timakonza kuti akachirire kuchipatala chachikulu komwe kuli madotolo a opaleshoni ya ana, monga ku Mercy James Centre ya pa Queen Elizabeth ku Blantyre, yomwe inatsegulidwa mu 2017.

Zikachitika kuti mwana wotere wabadwira kunyumba kapena panjira, musayese kubwezera matumbo m'kati, musaikepo thonje kapena mankhwala azitsamba. Sambani m'manja, mukutireni ndi pulasitiki yoyera kuyambira m'khwapa kutsika, mumufunditse pamwamba kuti asazizidwe, mumugoneke chammbali, musamuyamwitse, muthamange naye. Matumbo oonekera amataya madzi ndi kutentha msanga, ndiye ola lililonse ndi lofunika.

Koma amene amandisowetsa tulo ndi ana omwe vuto lawo lili m'kati, poti amaoneka bwinobwino. Pa masabata omwewa, njira ya chakudya imalekana ndi njira ya mpweya, ndipo kumunsi kumatseguka potulukira chimbudzi. Zikapanda kutheka bwino, mwana amatuluka thovu la malovu osalekeza, amatsamwa akangoyamwa, kapena sachita chimbudzi. Ndinalandirapo khanda la masiku atatu mimba itatupa ngati ng'oma. Panalibe amene analitembenuza kuona kuti lilibe potulukira chimbudzi. Akuchipatala komwe linabadwira anathamanga, agogo nawo anachita manyazi kuyang'ana.

Inu ndinu amene mumayamba kufika m'chikuta, mutanyamula ufa, sopo ndi nkhuni. Mukatha kupemphera, funsani mayiyo: "Kodi mwana wachita chimbudzi?" Chimbudzi choyamba chimakhala chakuda, chomata ngati phula, ndipo ana ambiri amachita tsiku loyamba. Masiku awiri akatha popanda kanthu, kapena mimba ikutupa, kapena akusanza zobiriwira ngati ndulu, musadikire kuti kuche. Mmodzi wa inu atsale ndi ana ena pakhomo, wina aperekeze mayiyo, ndipo ndalama ya m'thumba la bungwe ilipire galimoto kapena kabaza usiku womwewo.