Feteleza wofika chimanga chitamasula si thandizo

Alimi anzathu, chaka ndi chaka timamva nyimbo yomweyo pa wailesi: boma lagula matani akutiakuti a feteleza, mabanja akutiakuti apindula. Ife funso lathu ndi limodzi. Fetelezayo anafika liti m'manja mwa mlimi?

Aliyense woyendetsa ntchito yopanga katundu, kaya ndi fakitale, chigayo kapena munda, amayang'ana zinthu zinayi: kuchuluka kwa katundu, ubwino wake, mtengo wake ndi nthawi. Pa ulimi wodalira mvula, nthawi ndiye mwini mudzi. Feteleza wokulitsa amathiridwa pobzala kapena chimanga chikangomera. Wobereketsa, uja wa Urea, amafunika patatha masabata atatu kapena anayi. Nthawi imeneyi ikadutsa, thumba lija limalemerabe makilogalamu 50, koma phindu lake lapita. Madzi akatayika saoleka.

Ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo ya FISP inayamba mu 2005, ndipo mu 2020 inalowedwa m'malo ndi AIP, pomwe thumba linali pa K4,495 chaka choyambacho. Maina anasintha, makuponi anasanduka chiphaso cha unzika, koma madandaulo a kuchedwa sanathe. Takhala tikuona amayi akugona pa depoti ndi ana kumsana mu Disembala, mvula ikuwanyowetsa, kumunda udzu ukudya chimanga.

Akuluakulu amati vuto ndi ndalama zakunja, sitima zachedwa, misewu yaterera. Zonsezi nzoona, koma palibe chachilendo. Feteleza wathu amachokera kunja kudzera m'madoko a Beira ndi Nacala, ndipo izi zimadziwika chaka chisanayambe. Zoti misewu yafumbi imavuta nthawi ya dzinja, ngakhale mwana woweta mbuzi amadziwa. Woyendetsa ntchito wodziwa ntchito yake amawerenga masiku chobwerera m'mbuyo. Amayambira pa tsiku lobzala, n'kuchotsapo masiku ogulitsira pa depoti, masiku a malole pamsewu, masiku apadoko ndi apanyanja, mpaka apeze tsiku lomwe ayenera kusayina mgwirizano ndi wogulitsa. Kale ankanamizira bajeti yomwe inkayamba mu Julayi. Kuchokera mu 2022 chaka cha boma chimayamba mu Epulo. Nanga miyezi itatu yowonjezerayo imathera kuti?

Pitani ku Nchalo kapena ku Dwangwa mukaone. Nzimbe ikadulidwa siigonera masiku ambiri pamtunda chifukwa shuga wake amayamba kuchepa, choncho odula, onyamula ndi makina ogaya amayendera ndandanda imodzi. Fanta amafika pa golosale iliyonse ya kumudzi Khrisimasi isanakwane. Anthu amenewa amadutsa misewu yomweyi, mafuta amagula pa mapampu omwewa. Kusiyana kwake nkwakuti iwo akachedwa amaluza ndalama zawo, pomwe wochedwetsa feteleza malipiro ake amalandirabe pakutha pa mwezi. Woluza amakhala wa khasu.

Tikambeko za pa depoti penipenipo, chifukwa apa mpomwe pamaoneka kuti masamu sanachitike. Ngolo imayenda pa liwiro la ng'ombe yofooka pagoli. Tiyerekeze kuti kalaliki mmodzi akutenga mphindi 5 pa munthu aliyense. Pa maola 8 athandiza anthu 96. Ngati depotiyo yapatsidwa alimi 3,000, pafunika masiku opitirira 30, ndipo apo ndiye kuti netiweki siinavute tsiku ndi limodzi lomwe, katundu sanathe, komanso feteleza wa mitundu yonse iwiri alipo. Kutsegula msika wotere kumapeto kwa Novembala ndi kugamula kale kuti theka la alimi lidzathira mochedwa. Mutha kudzaza nyumba zosungiramo katundu ku Kanengo mpaka kudenga, koma ngati khomo lotulukira ndi lopapatiza, katunduyo sali kumunda. Ndipo mzere ukatalika, ziphuphu zimamera zokha: wa kangachepe m'thumba amadutsa kutsogolo, gogo wopanda kanthu amabwerera.

Matenda omwewa amabweranso pokolola. Misika ya boma ikachedwa kutsegulidwa, mavenda amakhala atamangirira kale masikelo awo m'mitengo, ndipo mtengo wolengezedwa ndi unduna umangokhala wa papepala.

Tsono monga bungwe tikupempha zinthu zosafuna nkomwe ndalama zambiri. Unduna wa zamalimidwe uzisindikiza ndandanda ya masiku: lomwe feteleza adzagulidwe, lomwe adzafike m'dziko muno, lomwe adzafike pa depoti iliyonse. Madera akum'mwera, komwe mvula imayambira, ndi madera ovuta misewu azilandira poyamba, pasanathe Okutobala. Chiwerengero cha ogulitsa chizilingana ndi chiwerengero cha alimi. Pa lipoti la kumapeto kwa chaka, asamangotiuza matani okha, azitiuzanso kuti ndi matumba angati anafika mvula isanagwe.

Nafenso m'makalabu tili ndi mbali yathu. Mlembi wa kalabu iliyonse alembe m'kope tsiku lomwe depoti yatsegulidwa, masiku omwe katundu anatha, ndi tsiku lomwe membala aliyense wagula thumba lake. Makope amenewa abwere ku msonkhano wa boma lanu mu Febuluwale. Tikadzakhala pansi ndi aphungu a komiti ya zaulimi, tidzawayalire masikuwo patebulo, depoti ndi depoti.