Zogwirira ntchito kunyumba: Mutu umodzi susenza denga

Matenda a Covid-19 atafika m'dziko muno mu Epulo 2020, maofesi ambiri a boma ndi makampani adayamba kugwira ntchito mosinthana, ena n'kumagwirira kunyumba. Mliri udazilala, koma funso lidatsala: kodi wantchito azikhalabe muofesi masiku onse asanu pasabata? Makampani ambiri kunjaku adasankha njira yapakati, yoti masiku ena munthu azibwera kuofesi, ena azigwirira kwawo. Nkhani yagona pa yemwe akonze ndondomekoyo.

Mu 2022 kampani ya Apple ya ku America idalamula kuti antchito ake azipezeka kuofesi masiku atatu pasabata kuyambira mu Seputembala. Gulu la antchito lotchedwa Apple Together lidasainirana kalata yotsutsa, ponena kuti lamulo limodzi silingakomere anthu ogwira ntchito zosiyanasiyana. Mkangano udabuka chifukwa ganizolo lidangotsika kuchokera kumwamba.

Kuti abwana nawo amaphonya, umboni udapezeka ku China. Katswiri wa zachuma Nicholas Bloom ndi anzake adachita kafukufuku pakati pa antchito 1,612 a kampani ya Trip.com, pomwe ena adaloledwa kugwirira kunyumba Lachitatu ndi Lachisanu kwa miyezi isanu ndi umodzi. Zotsatira zake, zomwe zidatuluka mu 2024, zidaonetsa kuti chiwerengero cha osiya ntchito chidatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo ntchito siidalowe pansi. Mamanijala omwe poyamba ankaopa kuti anthu achita ulesi adasintha maganizo ataona okha.

Ku Britain boma lidachita kuikamo lamulo. Kuyambira mu Epulo 2024, wantchito ali ndi ufulu wopempha kusintha kagwiridwe kake ka ntchito kuyambira tsiku lomwe walembedwa, ndipo bwana sangakane asadakambirane naye.

Kuno kwathu kufunsa antchito n'kofunika koposa, chifukwa mavuto a kunyumba amawadziwa ndi eni ake. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kuthimathima kudasautsa anthu kwa chaka chathunthu. Bwana yemwe ali ndi jenereta kwake sangadziwe kuti kalaliki wa ku Ndirande kapena ku Area 25 wakhala maola angati kompyuta ili chete. Nanga bandulo ya intaneti agule ndani? Komanso kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya minibasi idayamba kudya malipiro, moti kwa ena masiku awiri osakwera galimoto ndi mpumulo waukulu. Wina angakonde kuofesi chifukwa kwawo n'kopanikizika ndipo ana ali piringupiringu.

Pali enanso omwe sangagwirire kunyumba ngakhale atafuna: madalaivala, alonda, amesenjala ndi olandira ndalama pakauntala. Akapanda kumvedwa, amaona ngati mwayiwu ndi wa apamwamba okha, ndipo kaduka kamalowa pantchito.

Tsono bwana wanzeru amayamba ndi kukhala pansi ndi gulu lake, pamodzi ndi bungwe la antchito ngati lilipo. Agwirizane kuti ndi ntchito ziti zofuna kuonana maso ndi maso, ndi tsiku liti lomwe onse azikumana, foni iziyankhidwa mpaka nthawi yanji, ndiponso kuti bandulo ndi zipangizo alipire ndani. Zomwe agwirizanazo zilembedwe, ziyesedwe kwa miyezi ingapo, kenako aunikenso limodzi. Munthu aziyezedwa ndi ntchito yomwe wamaliza, osati maola omwe wakhala pampando.

Kufunsa sikutanthauza kuti aliyense apeza zomwe akufuna, pakuti chigamulo chomaliza n'cha abwana ndithu. Koma ndondomeko yomwe antchito adaikapo mawu awo amaisamala ngati yawo, pomwe yongowagwera pamutu amaitsata pokhapokha abwana akuyang'ana.