Sitima za m'tauni ku Addis Ababa

Abale inu, kugula sitima n'kosavuta bola wokukongozani ndalama alipo. Mu 2015 mzinda wa Addis Ababa unatsegula njanji ziwiri za sitima zamagetsi zoyenda pakati pa tauni, zokumana cha pa Meskel Square. Anamanga ndi a China Railway Group pamtengo wa madola 475 miliyoni, 85 peresenti yake ili ngongole ya ku China.

Anthu anakondwa zedi poti tikiti inali yotchipa kuposa minibasi. Komatu timakobiri ta matikiti otchipawo sitingagule masipeya kunja, kumene amafuna madola. Patangopita zaka zochepa, zambiri mwa sitima 41 zija zinali zitaima m'depoti, anthu n'kumapanikizana ngati matemba m'zotsalazo, ngongole ikudikira kubwezedwa.