Chenjezo kwa eni agalu: musamangirire galu m'khosi pagalimoto

Inu nonse amene mumanyamula agalu pagalimoto, kaya popita nawo kukatemera wa chiwewe, kwa dokotala wa ziweto, kumudzi kapena kunyanja, imvani izi musanalize injini. Galu wosamangidwa m'galimoto ndi ngozi, ndipo galu womangidwa m'khosi kumbuyo kwa pikapu ali pangozi yoposa pamenepo.

Ndinaziona ndi maso angawa pamsewu wa M1, titangodutsa Lirangwe kulowera ku Zalewa. Patsogolo pathu panali pikapu, kumbuyo kwake galu wofiirira, wonenepa bwino, atamangiriridwa ndi chingwe cha nayiloni ku chitsulo cha m'mbali. Njira yonse ankangoti uku wathamangira, uku wathamangira, kuuwa wa kabaza aliyense. Kenaka mbuzi zinadumpha msewu. Galu uja sanaganize kawiri, anangoti jowe! Chingwe chinali chachitali moti anadutsa m'mphepete mwa bodi, koma chachifupi moti sanafike pansi bwinobwino. Analendewera m'khosi, miyendo yakumbuyo ikukhula phula. Tinaliza hutala mpaka mwini wake anaima. Galuyo anapulumuka, koma zikhadabo zinali zitatha, mapazi ali magazi okhaokha, lilime litada. Bambo aja anangogwira m'mutu n'kumati, "Ndimayesa ndamumanga bwino." Ambirife timayesa choncho.

Khosi la galu si pomangira. Dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi, thupi lonse limapitirira kutsogolo ndipo kulemera kwake konse kumathera pakhosi. Pakhosipo ndi pamene pali kholingo ndi msana. Chomangira choyenera ndi chija chovala pachifuwa ndi m'mapewa, chimene m'masitolo amati harness, ndipo chimakolekedwa ku lamba wa mpando wakumbuyo. Chikhale chachifupi, chongomulola kukhala, kugona ndi kutembenuka, osati kufika pawindo kapena paphewa lanu. Pogula musangotengeka ndi mtundu wake. Mu 2013 bungwe la Center for Pet Safety ku America linayesa zomangira zoterezi pangozi zoyerekezera, ndipo zambiri sizinapirire. Yang'anani zokhala ndi malamba otakata, zosokedwa zolimba, ndi zokolekera zachitsulo.

Kwa galu wojijirika kwenikweni, uja amati akangoona makiyi wayamba kale kuzungulira ngati nguli, ine ndimati khola basi. Likhale loti angathe kuimirira ndi kutembenuka, lolowa mpweya mbali zonse, ndipo nalonso limangidwe zolimba kuti lisamatsetsereke. Ngati la m'sitolo lakukulirani mtengo, owotcherera zitsulo a ku Ndirande kapena ku Mchesi angakupangireni, bola muwauze asasiye nsonga zakuthwa. Pa pikapu khola lokha ndiye njira, ndipo pansi pake muyale thabwa kapena chiguduli, pamwamba pakhale mthunzi. Chitsulo cha bodi padzuwa la Okutobala chimawotcha mapazi a galu ngati chiwaya. Mukaphimba mbali za khola ndi kansalu kopepuka, osatseka mpweya, galu saona nkhuku ndi njinga zonse za m'njira, ndipo mtima wake umakhala pansi.

Ena amati, "Wangayu ngofatsa, amakhala pampando ngati munthu." Kufatsa kwake sikungamugwire pangozi. Galu wa makilogalamu 25 amalemera ngati theka la thumba la chimanga. Galimoto ikagunda chinthu pa liwiro la makilomita 50 pa ola, galuyo amauluka ndi liwiro lomwelo, chimodzimodzi kumugwetsa kuchokera pamtunda wa mamita pafupifupi 10. Pa makilomita 80 pa ola, zili ngati mamita 25. Thumba limenelo likagwera kuti? Pagalasi lakutsogolo, pakhosi panu, kapena pamutu pa mwana wanu amene mwamumangira lamba mosamala. Ndiye pali nkhani ya maso anu. Pa makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Mukacheuka masekondi awiri okha kuti mumukalipire, mwayenda mamita oposa 40 osaona kutsogolo, m'misewu yathu ino mmene ana asukulu, amayi osenza mitolo ndi a kabaza amayenda m'mphepete mwenimweni mwa phula. Galu wamng'ono amathanso kutsikira kumapazi n'kudzipanikiza pansi pa buleki.

Kutsogolo asakhale, ngakhale pamiyendo ya wina. Chikwama cha mpweya chija amati airbag chinapangidwira munthu wamkulu, ndipo chikaphulika chingathe kupha galu. Mutu asatulutse pawindo, chifukwa fumbi, timiyala ndi tizilombo zimamuvulaza m'maso, komanso pamene padutsa mutu, thupi limatsatira. Abale athu a ku Britain akudziwa kuti kumeneko lamulo 57 la Highway Code limanena mosabisa kuti galu kapena chiweto china chimangidwe bwino m'galimoto. Ife tisadikire kuti wapolisi atiuze.

Musanapite, muyendetseni kaye mpaka atope pang'ono ndiponso adzithandize. Musamudyetse chakudya chambiri ulendo uli pafupi, angasanze. Ngati sanazolowere, yambani ndi timaulendo tatifupi, ngakhale kungokhala naye m'galimoto yoima kwa mphindi zochepa. Mankhwala a anthu ogonetsa kapena opha ululu musamupatse, ena mwa iwo ndi poizoni kwa galu. Funsani a zaziweto. Paulendo wautali imani maola awiri aliwonse, amwe madzi, awongole miyendo. Ndipo chingwe choyendera chikolekedwe chitseko chisanatsegulidwe, chifukwa agalu ambiri amasowa kapena kugundidwa pamene galimoto yaima, pamsika wa m'njira kapena pamalo pochitira chipikisheni apolisi, pomwe pali phokoso ndi fungo la nyama yootcha.

Chomaliza, ndipo ichi chimandiwawa kwambiri: musamusiye m'galimoto yoimikidwa padzuwa, ngakhale mwati mungogula mkate. Galu satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa ndi wefuwefu wa lilime, ndipo mpweya wa m'galimoto ukatentha wefuwefu uja sathandizanso. Kutsegula windo pang'ono sikukwanira, makamaka ku Chikwawa, ku Nsanje kapena ku Salima nyengo yotentha. Mukaona akupuma mobanika, dovu lili chuchuchu, akudzandira, muikeni pamthunzi, mumuthire madzi ozizira thupi lonse, n'kuthamangira naye kwa dokotala wa ziweto.

Chonde abale, ngati mulibe chomangira cha pachifuwa kapena khola, galuyo atsale pakhomo lero. Ndipo mukaona mnzanu akumangirira galu m'khosi kumbuyo kwa pikapu, musangoyang'ana, muuzeni asananyamuke.