Za mlimi ndi mawu a Boma

Mwezi uno tiyeni tilingalire funso limene akulu a zaulimi amakonda kufunsana pamisonkhano yawo, lakuti: kodi mlimi wa kumudzi ali wokonzeka kulandira kusintha kwa malamulo a ulimi? Ife tiyesa kuti funsoli alifunsa mozondoka.

Pakuti mlimi wa dziko lino wasintha kawirikawiri. M'zaka za m'ma 1950 Boma la Azungu linakakamiza makolo athu kuleka matutu ndi kuunda mizere yopingasa, ndipo wokana ankalipitsidwa kapena kuponyedwa m'ndende. Anthu anadana nacho chikakamizocho, koma mizere inakhala, popeza anaona okha kuti isunga madzi ndi nthaka. Pambuyo pake alangizi anadza ndi kubzala njere imodzi paphando, kumene titcha Sasakawa. Nkhalamba zinaseka, koma zitaona munda wa mnansi zinatsanza mwakachetechete. Munthu wotere sitingamunene wouma mutu.

Chimene chamutopetsa ndicho mawu osakhazikika. M'chaka cha 2005 anadza makuponi a feteleza, nkhokwe zambiri nizidzala. M'chaka cha 2020 thumba la makilogalamu 50 linali pa K4,495, ndipo analandira mabanja oposa 3 miliyoni. Pofika 2022 thumba lomwelo linakwera kufika pa K15,000, mayina natsika kufika 2.5 miliyoni, m'chaka cha 2023 anatsala 1.5 miliyoni. Sitikana kuti chuma cha Boma chili ndi malire, ndiponso kuti nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza mtengo wa feteleza m'maiko onse. Mwina nkoyeneradi kuti ndalamazo zilowe ku ulimi wothirira, monga anena ena. Koma mlimi ali ndi dzinja limodzi lokha pachaka, ndipo kawirikawiri amamva kuti dzina lake lachotsedwa mitambo itayamba kale kuda, nthawi yokonza manyowa itapita.

Tidziwa mayi wina wamasiye m'mudzi mwathu, amene anagulitsa mbuzi yake kuti apeze ndalama ya matumba awiri. Anagona masiku atatu pakhonde la malo ogulitsira, namuuza tsiku ndi tsiku kuti makina sakugwira. Thumba limodzi analipeza ndithu, koma chimanga chitayamba kale kutulutsa ngayaye. Lachiwirilo sanalione konse. Mbuzi ija inali ya bere.

Tsono pamene tinamufunsa ngati adzalembetsanso, anayankha mwaulemu kuti inde, pakuti mlendo wochokera ku Boma sabwezedwa pakhomo. Koma kuseri kwa nyumba yake wakumba maenje awiri a manyowa, ndipo theka la munda aliikira mtedza ndi nandolo, zimene sizilira feteleza. Mbuzi imene watsala nayo ati sadzaimasula pachingwe kufikira ataliona thumbalo ndi maso ake.