Pa chipata cha Mwanza, galimoto imabadwa liti?

Malole onyamula magalimoto a ku Japan kuchokera ku Durban akadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi mtsinje wa Zambezi ku Tete, amafika pa Zobue n'kulowa m'dziko muno pa chipata cha Mwanza. Apa Sienta kapena Probox iliyonse imafunsidwa zaka zake. Msonkho wa MRA umatengera kukula kwa injini ndi ukalamba wa galimoto, choncho chaka chimodzi chokha chikhoza kupepula kapena kulemetsa thumba la mwiniwake. Nanga chaka chake ndi chiti? Chimene galimoto inatuluka m'fakitale, kapena chimene inalembetsedwa koyamba ku Japan?

Ziwirizi sizifanana nthawi zonse. Galimoto yopangidwa mu Novembala 2014 ikhoza kugona kwa wogulitsa mpaka Febuluwale 2015 isanapeze mwini. Chikalata chotulutsira galimotoyo ku Japan chidzaonetsa 2015, wotsatsa pa intaneti adzalembanso 2015, pamene kansalu kosokedwa m'munsi mwa lamba wapampando kadzanena 2014. Kodi wogula amene sanapondeko ku Japan akhulupirire ndani?

Vutoli ndi lakale. Ku America, kampani ya Ford inayamba kugulitsa Mustang mu Epulo 1964 koma inaitcha ya 1965. Ku America komweko, magalimoto ochokera kunja amene ankatsalira osagulidwa nthawi zambiri ankalembedwa chaka chimene agulidwa, ngati kuti kukhala padzuwa miyezi khumi si kukalamba. Kuyambira 1981 dzikolo linakhazikitsa nambala ya chasisi ya zilembo 17, ndipo chilembo cha khumi chimaulula chaka. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan, omwe ndi amene adzaza misewu yathu, ali ndi nambala ya chasisi yaifupi yopanda chilembo choterocho. Tinalandira magalimotowo, koma kodi tinakonza njira yathuyathu yotetezera wogula?

Tikuganizira mlimi wa ku Thambani amene wasunga ndalama za manachesi zaka zitatu kuti agule galimoto yoti izinyamula anthu. Akamalipira ajenti womuombolera, kodi alipo amamufotokozera kuti msonkho wawerengedwa pa chaka chiti? Bulubuku ya ku Road Traffic ikalemba chaka chimodzi, a inshulansi amayeza mtengo wa galimoto potengera chomwecho kodi? Makaniko wa pa Mwanza boma akaitanitsa sipeya ku Limbe potchula chaka cha papepala, n'kubwera chitsulo chosalowa chifukwa kampani inasintha kapangidwe pakati pa chaka, atayepo ndalama ndani? Timadziwa tonse kuti ndi mlimi yemwe uja, ndipo zimatipweteka.

Chikuletsa n'chiyani kuti zaka zonse ziwiri, chopangidwa ndi cholembetsedwa koyamba, zizilembedwa pa mapepala a msonkho ndi mu bulubuku? Ndipo a MRA, bwanji osapachika chikwangwani cha m'Chichewa pa chipata pomwepo, chonena chaka chimene mumawerengera, kuti munthu adziwe asanatumize ndalama zake ku Japan?